Amisiri a Matanki a Gasi ku Vietnam

Aliyense amene anawetapo nkhumba amadziwa kuti mutu umapweteka ndi ndowe. Zimanunkha, zimaitana ntchentche, ndipo aneba amayamba kukuyang'ana ndi diso lofiira. Ku Vietnam, kumene nyama ya nkhumba ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku, ndowezo anazipezera ntchito. Mu 2003, boma la dzikolo pamodzi ndi bungwe la SNV la ku Netherlands linayamba kuphunzitsa amisiri akumidzi kumanga matanki opangira gasi.

Ntchito ya amisiriwa imandigometsa. Amakumba dzenje kuseri kwa khola n'kumangamo thanki ya njerwa, denga lake longa mphika wovundikira. Njerwa za pamwamba zimagona chopendekera popanda mtengo wozichirikiza. Mmisiri amakola iliyonse ndi kawaya mpaka simenti itagwira. Kenako amapaka pulasitala m'kati, kangapo konse, chifukwa kamng'alu konga tsitsi kangathawitse gasi. Akamaliza amakwirira, luso lonselo n'kubisika pansi. Sizachisoni zimenezi?

Ndowe zosakaniza ndi madzi zimatsikira m'thankimo kudzera mu ngalande. Poti simulowa mpweya, tizilombo tosaoneka ndi maso timaziwoletsa n'kutulutsa gasi amene mbali yake yaikulu ndi methane. Paipi imamufikitsa kukhitchini, kumene moto wabuluu umapsetsa mpunga popanda utsi. Zotsala zimasefukira kunja fungo litachepa, n'kukhala manyowa a kudimba.

Inu oweta nkhumba, musanakokolerenso ndowe kumtsinje, kafunseni kaye mmisiri wodziwa ntchitoyi.