Za Nyali Zoyandama pa Mitsinje ya New York

Mwezi uno tifuna kuyesa nchito ina ya amisiri, tione ngati iyenera kutamandidwa kapena iai.

M'caka ca 2009, mumzinda wa New York ku America, amisiri awiri olinganiza nyumba, David Benjamin ndi Soo-in Yang, pamodzi ndi mai wina waluso, Natalie Jeremijenko, anayandamitsa mipope yoimirira pa mitsinje iwiri, East River ndi Bronx River. Nchitoyo anaicha dzina lace Amphibious Architecture. Kunsi kwa mipopeyo kunali tizipangizo tozindikira nsomba zikamapita, ndi tina toyesa mpweya wa oksijeni wokhala m'madzi, umene nsomba zipuma. Pamwamba panali nyali: zina zinasintha maonekedwe monga mwa kucuruka kwa mpweyawo, zina zinayaka popita nsomba. Ndipo munthu akatumiza mau pa foni ya m'manja, analandira yankho lolembedwa ngati kuti nsomba ndizo zilankhula.

Ubwino wace ndi uwu. Munthu wa mumzinda akaima pagombe aona pamwamba pa madzi pokha. Za pansi sazidziwa, ndipo cimene munthu sacidziwa sacisamala. Nyalizo zinamkumbutsa kuti mtsinje uli ndi eni ace amoyo. Pamenepa amisiriwo anacita mwanzeru.

Koma tipezamo zilema ziwiri. Coyamba, nsomba sizinanene kanthu. Mau aja anawakonza ndi anthu, nawaika m'kamwa mwa nsomba. Ndiponso cipangizo ciyesa cokhaco cimene anacipangira, pamene msodzi wokalamba ayang'ana maonekedwe a madzi, amva pfungo lace, nazindikira mbalame zimene zaleka kufika padooko. Akuru anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma nyali izoloweretsa munthu kupenya kamphindi, ndi kupitirira ulendo wace.

Caciwiri ndico cacikuru. Nyali inena kuti madzi adwala, koma sinena amene awadwalitsa. M'mbali zambiri za New York madzi a mvula ndi zonyansa za m'zimbudzi ziyenda m'ngalande imodzi. Mvula ikakula, ngalandezo zisefukira m'mitsinje, ndipo zonyansazo pobvunda zitsiriza mpweya wa nsomba. Ici nyali singathe kuciulula kapena kucikonza. Cifuna cuma cambiri ndi upo wa akuru a mzinda.

Cifukwa cace titi, zipangizo zotere zifanana ndi mboni yoima pabwalo. Mboni ndi yofunika, koma woweruza mlandu si ndiye. Anthu akamamva umboni wace tsiku ndi tsiku osacitapo kanthu, adzauzolowera. Pamenepo nyali idzasanduka cokometsera mzinda cabe, nsomba zilikufa pansi pa kuwala kwace.