Pakati pa Do ndi Re: Kumvetsera "Wasalala"

Chimbale cha Wasalala, chomwe kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa mu 2019, chili ndi oimba awiri okha. Yosefe Kalekeni amakhwacha gitala ya nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene, pomwe Yobu Maligwa amatsogolera nyimbo atakhalira babatoni wa nsambo imodzi. Awa ndi a Madalitso Band, amene adakhwimira m'misewu ya Lilongwe.

Tiyambe ndi dzinalo. Chosalala ndi chinthu chopanda zokhakhala, choti dzanja limangodutsa osakodwa. Ine ndikalimva ndimaona khosi la babatoni. Pa ukulele, kagitala ka nsambo zinayi ka ku Hawaii, khosi lili ndi timizere tachitsulo togawa mtunda wa pakati pa do wapansi ndi do wapamwamba m'magawo 12. Wofuna mndandanda wachilendo wa mawu, wochita kupeka yekha, amasankha mwa 12 omwewo basi. Babatoni alibe timizere. Dzanja limatsetsereka pa waya, ndipo liwu limayenda ulendo wonse kuchoka pa do mpaka pa re, osalumpha.

Tcherani khutu pomwe gitala ndi babatoni zikumana. Ng'oma siisintha mayendedwe, gitala imangozungulira pa makodi ake ochepa ngati mayi wosinja. Babatoni ndiye amabuula: amanyamuka pansi pa liwu lomwe gitala yagwira, kukwera pang'onopang'ono, kulifikira, n'kulisiyanso. Kamphindi asanafikeko ndi komwe kamandigwira mtima. Wozolowera kiyibodi ya kutchalitchi angati waya sanakungidwe bwino, koma akulakwa. Woimbayo akudziwa komwe akupita; wangosankha kufika mwaulemu, monga mlendo woyamba waodira kaye pakhomo.

Makutu athu adazolowera zotere kalekale. Valimba, chida choimbira cha ku Nsanje, imachunidwa m'magawo 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo ambiri mwa mawu akewo sapezeka pa timizere ta ukulele. Chomwe kwina angachitche chopekedwa, ku Chigwa cha Shire n'cholowa cha makolo.

Sindikunyoza ukulele, mawu ake ndi okoma. Koma mnyamata wa ku Kawale kapena ku Chinsapo akakhoma banjo ya chigaloni, timizere amaika yekha, poyesa ndi khutu. Ndimamva chisoni akadzagula gitala ya m'sitolo n'kuyamba kuchita manyazi ndi mawu omwe banjo ija inkatulutsa.