National Wake: Kudzuka Kapena Kuchezera Pamaliro?

Dzina la gulu loyimba la National Wake lili ndi matanthauzo awiri amene Chichewa chimawasiyanitsa: kudzuka kwa mtundu, ndi kuchezera pamaliro a mtundu. Pounika cholowa cha gululi, tiyenera kugwira matanthauzo onse awiriwa.

Gululi lidayamba ku Johannesburg mu 1978, patapita zaka ziwiri ana asukulu ataukira boma ku Soweto. Ivan Kadey, mzungu, adagwirizana ndi Gary ndi Punka Khoza, pachibale pawo, ochokera ku Soweto, ndipo Steve Moni adalowa pambuyo pake. Ankasakaniza punk, reggae ndi funk. Chimbale chawo chidatuluka mu 1981 kudzera ku WEA, koma boma litachikwiyira chidachotsedwa pamsika. Mu 1982 gululo lidatha.

Kulemera kwa nkhaniyi kumamveka bwino tikaima ku Zinniaville, dera limene lidapatulidwira amwenye ku Rustenburg potsata Group Areas Act. Lamulo lomwelo ndilo linkaletsa oyimbawa kukhala nyumba imodzi, choncho kungoyimbira pamodzi kudali kale uthenga, asanatchule liwu lililonse. Chaka chomwe chimbale chawo chinkafufutidwa, Frank Sinatra ankayimba ku Sun City, kufupi ndi Rustenburg, m'dziko lachiphamaso la Bophuthatswana. Boma linkalola kusakanizana kwa mitundu kobweretsa ndalama, nkumaopa kwa anthu ogawana chakudya ndi denga.

Komabe tisawatamande mopitirira. Nyimbo zawo zambiri, kuphatikizapo "International News", zidali m'Chingerezi, pamene m'migodi munkamveka Chitswana, Chixhosa, Chichewa ndi Fanagalo. Nyimbo yolira m'malo mwa oponderezedwa, koma m'chiyankhulo chimene ambiri a iwo sankachezera, imafika pachipata cha komboni nkuima pomwepo.

Kutsitsimuka kwa mbiri yawo nakonso kuli ndi funso. Filimu ya Punk in Africa idawakumbutsa dziko mu 2012, chaka chimene apolisi adapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi ku Marikana. Mu 2013 kampani ya Light in the Attic ya ku Seattle idatulutsa Walk in Africa 1979-81, Gary ndi Punka atamwalira kale. Osonkhanitsa zimbale akunja adalandira chuma. Koma kufikira tsiku limene nyimbozi zidzamveke m'makomboni ozungulira migodi ya platinamu, mwa matanthauzo awiri aja lolimba ndi la maliro.