Nkhope ya Diouana: Kukonzanso Filimu ya Ousmane Sembène

Filimu imakalamba ngati munthu. Mafilimu akale adajambulidwa pa lamba wapulasitiki wokhala ndi tizithunzi tondondozana, ndipo makina ankawalitsa tizithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Lamba ameneyu akazungulira m'makina kambirimbiri amakandika ndi kuduka, akasungidwa pamalo otentha kapena achinyezi amakwinyika ndi kuwola. Lamba wa mtundu wa nitrate, amene adagwiritsidwa ntchito mpaka cha m'ma 1950, ankayakanso moto mosavuta. Kafukufuku amene Library of Congress ya ku America idafalitsa m'chaka cha 2013 adapeza kuti mafilimu 70 mwa 100 aliwonse aatali opanda mawu a m'dzikomo adatayika kotheratu. N'chifukwa chake masiku ano kuli akatswiri amene ntchito yawo ndi kukonzanso mafilimu akale kuti aonetsedwenso m'nyumba za kanema. Funso lofunika ndi lakuti: kodi wokonzanso filimu ayenera kulekezera pati? Filimu ya La Noire de..., imene ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Black Girl, ikupereka yankho labwino.

Adajambula filimuyi ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene adabadwa mu 1923 ndi kumwalira mu 2007. Iye adayamba ndi kulemba mabuku m'Chifalansa, koma adazindikira kuti anthu ambiri a kwawo sakadatha kuwawerenga. Choncho adakaphunzira luso lojambula kanema ku Moscow, poona kuti kanema ndi sukulu imene ngakhale wosadziwa kuwerenga angalowemo. La Noire de... idatuluka mu 1966, ndipo chaka chomwecho idalandira mphoto ya Jean Vigo ku France ndi mphoto yaikulu pa chionetsero cha mafilimu cha ku Carthage, m'dziko la Tunisia.

Nkhani yake ndi yaifupi, yotenga pafupifupi ola limodzi. Mtsikana wina dzina lake Diouana akupeza ntchito yolera ana pa banja la Azungu mumzinda wa Dakar. Banjalo litabwerera kwawo, likumuitanitsa ku Antibes, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa France. Mtsikanayu akunyamuka ndi chimwemwe, akuganiza zokaona masitolo okongola ndi kugula zovala. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Atafika akupeza kuti France wake ndi khitchini, bafa ndi chipinda chochezera basi. Akuphika, kuchapa ndi kukolopa, osatuluka panja, ndipo alendo a bwana wake akumuyang'ana ngati chinthu chachilendo choonetsa anthu. Pamapeto pake akudzipha m'bafa. Bwana wamwamuna akubweza katundu wake ku Dakar, koma mayi a mtsikanayo akukana ndalama zimene iye akufuna kuwapatsa.

Mphamvu ya filimuyi yagona pa nkhope ya Mbissine Thérèse Diop, amene adasewera ngati Diouana. M'nyumba ya ku Antibes mtsikanayu salankhula zambiri. Maganizo ake amamveka m'mawu a mumtima amene adawajambula padera, ndipo china chilichonse woonera amachiwerenga m'maso mwake, pamilomo pake ndi m'mene akuweramitsira mutu. Sembène adajambula pafupifupi filimu yonseyi m'mitundu iwiri yokha, woyera ndi wakuda, ndipo adaika mtsikana wakhungu lakuda pakati pa makoma oyera mbee. Apa ndi pamene ukalamba wa filimu umawononga kwambiri. Filimu ikakoperedwa kuchokera ku kope lina, kenaka kukoperedwanso, zakuda zimaderatu ndipo zoyera zimayereratu. Choyamba kutayika ndi timizere ta nkhope yakuda. Woonera kope lotopa lotere amangoona chithunzithunzi cha wantchito akuyendayenda m'nyumba. Mwa njira imeneyi kope lowonongeka limachita kwa Diouana zomwezo zimene mabwana ake adachita, kumuona ngati wakuda wina chabe wopanda nkhope yakeyake.

M'chaka cha 2015 bungwe la The Film Foundation, limene Martin Scorsese adayambitsa mu 1990, lidakonzanso filimuyi mogwirizana ndi Cineteca di Bologna ya ku Italy ndiponso banja la Sembène. Akatswiriwa adabwerera ku negetivi yoyambirira, ndiye kuti lamba weniweni amene adali m'kamera. Pa ntchito yotere lamba amayamba watsukidwa ndi kulumikizidwa m'malo oduka, kenaka kachithunzi kalikonse kamalowetsedwa m'kompyuta. Filimu ya ola limodzi imakhala ndi tizithunzi toposa 80,000, ndipo fumbi ndi mikwingwirima zimachotsedwa mosamala. Pomaliza amalinganiza kuwala ndi mdima ndi kuyeretsa mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Filimu yokonzedwayo idaonetsedwa ku Cannes chaka chomwecho, ndipo mu 2016 idalowanso m'nyumba za kanema ku America, patatha zaka 50 chitulukireni.

Chimene ntchitoyi idabweza ndi nkhope ija. Woonera tsopano amatha kutsatira m'mene chimwemwe chikuzimirira pang'onopang'ono mwa Diouana, kuyambira pamene akutsika m'sitima atavala diresi lake lokongola mpaka pamene akukana kudzuka pabedi. Chigoba chosema chimene iye adapatsa mabwana ake ngati mphatso chikuoneka bwino chitapachikidwa pakhoma loyera, chokhachokha ngati mwini wake. Motero pamene akuchilanda kwa dona wake, ndiponso pamene kamnyamata kakuchivala kumaso n'kumatsatira bwana uja m'misewu ya Dakar, woonera amamva kulemera kwake.

Chofunika kuyamikiridwa kwambiri ndi zimene akatswiriwa adasiya osakhudza. Filimuyi idajambulidwa ndi ndalama zochepa, ndipo zizindikiro za umphawi umenewu zilimo. Mawu adawalowetsa filimu itajambulidwa kale, ndipo mawu a Diouana si a Diop ayi, koma a Toto Bissainthe, mayi wa ku Haiti. Makina a lero akadatha kusintha zonsezi, ngakhalenso kupaka filimuyo mitundu. Ena adachitapo zotere. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Ted Turner idapaka mitundu mafilimu akale a ku America, ndipo ojambula mafilimu ambiri adadandaula kwambiri. Mu 1997 George Lucas adatulutsanso Star Wars ya 1977 atawonjezamo zinyama ndi zithunzi zopangidwa pa kompyuta. Iye adali mwini wake, komabe woonera filimu yosinthidwayo saonanso zimene anthu adaona mu 1977. Diouana akadapakidwa mitundu, mkangano wa choyera ndi chakuda, umene ndi msana wa filimuyi, ukadatheratu. Wokonzanso filimu ali ngati munthu wopukuta galasi la pazenera: ntchito yake ndi kuchotsa fumbi kuti za kunja zioneke monga ziliri.

Komabe ntchitoyi ili ndi chilema chake. Sembène adajambula kanema pofuna kuphunzitsa anthu wamba a ku Africa, koma negetivi ya filimu yake idasungidwa ku France, idakonzedwa ku Ulaya, ndipo oyamba kuiona itakonzedwa adali a ku Cannes. Nyumba zambiri za kanema m'mizinda ya ku Africa zidatsekedwa kalekale, zina zidasanduka masitolo ndi matchalitchi. Mu 2017 The Film Foundation, UNESCO, Cineteca di Bologna ndi bungwe la ojambula mafilimu a ku Africa la FEPACI adakhazikitsa African Film Heritage Project pofuna kukonzanso mafilimu 50 a ku Africa. Soleil Ô ya Med Hondo ndi Sambizanga ya Sarah Maldoror ndi ena mwa amene adakonzedwa kale. Limeneli ndi khama lotamandika, koma phindu lake lidzaoneka pamene mafilimuwo adzafika m'maholo a sukulu ndi m'madera mmene eni nkhani akukhala.

Mu 2022 akatswiri ofunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound adaika La Noire de... m'gulu la mafilimu 100 opambana onse. Ulemu umenewu ndi woyenera. Koma oonera amene filimuyi ikuwasowa kwambiri ndi atsikana amene mpaka lero amakwera ndege kukagwira ntchito zam'nyumba kumaiko akutali atalonjezedwa zokoma, pamodzi ndi makolo amene amawaperekeza. Nkhope ya Diouana tsopano ikuoneka bwino, ndipo chatsala ndi kuifikitsa pamaso pa anthu amenewa.