Zithunzi Ziwiri za Mayi Mmodzi

Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, mukukumbukira kuti zilembo poyamba zinkaoneka ngati mapazi a nkhuku pa dothi lonyowa, koma lero zikulankhula nanu. Tsono ndifuna kukuuzani kuti chithunzi nachonso chimawerengedwa. Pali chithunzi chonena zambiri, pali china chonena zochepa, ndipo pali chinanso chimene chimanena zimene mwini nkhope sanafune kuti zinenedwe. Nkhani yanga ndi ya zithunzi ziwiri zimene mtsikana wina wa Sitandade 8 anapanga pa sukulu imene ndikuyang'anira, kuno ku mapiri a Misuku m'boma la Chitipa. Zonse ziwiri ndi za amayi ake ali m'munda wa khofi. Chimodzi anajambula ndi kamera ya m'foni ya mphunzitsi wake, chinacho anachita kusema pa mphira ndi kudinda pa pepala. Tinazipachika pa khoma tsiku lotsekera sukulu, ndipo zinautsa mkangano.

Ndiyambe ndi mmene mwanayo anaphunzirira, pakuti munthu saweruza bwino dengu ngati sanaonepo nsungwi zikung'alulidwa. Mphunzitsi wa phunziro la Expressive Arts sanayambe ndi foni ayi. Anatenga katoni ya sopo, naboola kabowo kakang'ono ndi singano mbali imodzi, ndipo mbali inayo anamatako pepala lopyapyala lopakidwa mafuta. Ana anafunda nsalu kumutu nasuzumira pa pepalalo, ndipo anaona mtengo wa pabwalo la sukulu utaima chadodolido, nthambi pansi, tsinde m'mwamba. Ena anakuwa kuti ndi matsenga. Si matsenga: kuwala kumayenda molunjika, kotero kuwala kochokera ku nsonga ya mtengo kukalowa pa kabowo kumakagwera m'munsi mwa pepala, ndipo kochokera ku tsinde kumakagwera m'mwamba. Kamera iliyonse, ngakhale ya m'foni yodula, ndi katoni yomweyo, kungoti anaiwonjezera galasi ndi njira yosungira chimene chaoneka. Njira yosungirayo inalengezedwa kwa anthu onse ku France mu 1839, ndipo patangopita zaka ngati 20 John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, anali kujambula kale m'zigwa za Zambezi ndi Shire.

Kudinda ndi luso lakale kuposa pamenepo, ndipo sikulira ndalama. Ana anatola nsapato za patapata zakutha, nadula mphira wake, nausalaza pa mwala. Inki anapanga ndi mwaye wa kunsi kwa mphika wosakaniza ndi phala lopyapyala la chinangwa. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi: pamene wasema ndi kampeni padzakhala poyera, pamene wasiya padzakhala pakuda. Ukapaka inki, umayala pepala pamwamba ndi kukhutiza ndi kumbuyo kwa supuni. Chovuta n'chakuti zonse zimatuluka motembenuka, za kumanja kumanzere. Mtsikana wathuyu anasema mawu akuti KHOFI monga mmene amalembera m'kope, ndipo atadinda anatuluka chobwerera m'mbuyo, osawerengeka. Analira, pakuti kampeni anali atamucheka kale chala, koma mawa lake anatola mphira wina nayambanso.

Tsopano tiyang'ane chithunzi cha kamera. Chabwino chake ndi kuwala. Mwanayo anamvera malangizo, napita kumunda m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo anaima moti dzuwalo liombe amayi ake cham'mbali. Chifukwa cha ichi masamba a khofi akunyezimira, zipatso zakupsa zafiira ngati makala a moto, ndipo kutali nkhungu ikuoneka ikukwawa m'nkhalango ya Mughese. Mlendo aliyense angachione anganene kuti dziko lathu n'lokongola, ndipo sanganame. Koma maso anga atachoka pa kukongolako anasowa pokhazikika. Amayiwo aima pakatikati, aang'ono ngati chiswe. Kumbuyo kwawo kuli tsinde la nthochi limene likuoneka ngati lamera pamutu pawo. Pakona pali chigubu chachikasu chimene wina anasiya, ndipo chikasucho chikukoka diso kuposa munthu. Choipa koposa n'chakuti amayiwo aleka ntchito. Atembenuka, akuyang'ana kamera, akumwetulira mwamanyazi, manja ali lende. Mutu wa chithunzi unali wakuti "Kuthyola khofi," koma palibe amene akuthyola.

Nditamfunsa mwanayo anandiuza kuti anajambula zithunzi zoposa 40 m'mawa umenewo. Apa ndi pamene pagona vuto. Foni siwerenga mtengo wa chithunzi chimodzi, kotero chala chimathamanga kusiya diso m'mbuyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akanakhala pansi mpaka amayi ake ataiwala kuti pali kamera, akanasuntha chigubu chija, nasendera pafupi mapazi atatu, bwenzi tili ndi chithunzi china.

Chodindacho ndi chaching'ono, chosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo chinamtengera madzulo atatu. Mulibe phiri, mulibe nkhungu, mulibe chigubu. Muli mutu wowerama womanga duku, nthambi imodzi, mlomo wa dengu, ndi manja awiri. Manjawo ndi aakulu kuposa mmene manja a munthu amakhalira, zala zokhuthala, mfundo zake zotupa. Wina anganene kuti mwanayo analakwitsa muyeso, koma ine ndikuti anachita bwino, chifukwa ntchito ya khofi yonse ili m'zala. Inu alimi mukudziwa kuti khofi sakololedwa monga chimanga. Pa nthambi imodzi pamakhala zipatso zofiira ndi zobiriwira, ndipo wothyola ayenera kusankha chimodzichimodzi, kutenga zakupsa, kusiya zosapsa kuti adzazibwerere sabata ina. Wopulula nthambi yonse amawononga mtengo wa khofi wake pokagulitsa. Nanga kusankha kumeneku ungakuonetse bwanji ndi mwaye wokha, wopanda kufiira kapena kubiriwira? Mtsikanayu anapeza nzeru imene sanauzidwe ndi mphunzitsi. Zipatso zakupsa anazisiya zakuda bii, zosapsa anazisema m'kati kuti zikhale timikombero toyera, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala zatsina chipatso chakuda pakati pa ziwiri zoyera. Munthu ukayang'ana pamenepo umamva m'zala zako iwe mwini mmene chipatsocho chikuthothokera.

Zolakwa zilipo, ndipo sindizibisa. Zipatso zina zakula ngati magwafa. Kumwamba anasema mizere yochuluka yopendekeka, kotero kukuoneka ngati kukugwa mvula, pamene khofi timathyola m'nyengo yopanda mvula yambiri. Inki inachuluka m'munsi ndipo dengu lafufutika mbali imodzi. Komabe ndikayika ziwirizi pa sikelo, chodinda chikulemera kuposa chojambula. Kamera inameza zonse zimene zinali patsogolo pake osasankha. Kampeni anakakamiza mwanayo kufunsa pa mzere uliwonse kuti, kodi ichi n'chofunika kapena ndichichotse? Ndipo kuno ku Chitipa, kumene pa msika umodzi umamva Chisukwa, Chindali, Chilambya, Chinyiha ndi Chitumbuka, ndinaona agogo osadziwa Chichewa kapena Chingerezi ataima pa chodindacho akugwedeza mutu popanda womasulira.

Mkangano unabwera ndi amayi a mwanayo. Mwambo utatha anandipeza mu ofesi, nakhala pansi pafupi ndi khomo, nati: "Aphunzitsi aakulu, kodi ine ndinakulakwirani chiyani? Mwandipachika pa khoma ndili ndi chitenje chong'ambika, wopanda nsapato, pamaso pa mfumu ndi akulu a mpingo. Kodi mukuyesa kuti ndilibe zovala?" Ndinayankha kuti, "Mayi, chithunzicho chikulemekeza ntchito yanu." Iwo anati, "Ntchito yanga ndikuidziwa ndine. Mwana akandijambula ndimayesa ndi zosewera za pakhomo. Bwanji simunandifunse?" Ndinasowa poyankha, pakuti zinali zoona: sindinawafunse. Aphunzitsi anzanga ena anati amayiwo ndi osazindikira, sadziwa kuti luso limafuna munthu monga mmene alili. Poyamba ndinavomereza mumtima, koma usiku ndinakumbukira mbiri ya munthu wina, ndipo maganizo anga anatembenuka.

Munthuyo ndi Mungo Murray Chisuse, amene amadziwika kuti ndiye Mmalawi woyamba kugwira ntchito yojambula zithunzi. Nayenso anayamba ngati mwana wa sukulu, pa mishoni ya Church of Scotland ku Blantyre. Anapita ku Scotland mu 1885 ndiponso mu 1897, naphunzira bwino za kusindikiza mabuku mu mzinda wa Edinburgh, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pa makina osindikizira a mishoniyo. Onani kuti maluso awiri amene mtsikana wathu akuphunzira, inki ndi kamera, anakumana kale m'manja mwa munthu mmodzi wa dziko lino zaka zoposa 100 zapitazo. Chisuse ndiye anajambula zina mwa zithunzi zimene tili nazo za M'busa John Chilembwe wa ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, yemwe nkhope yake mumaiona pa ndalama ya K2,000.

M'zithunzi za Chilembwe ndi banja lake mulibe chitenje chong'ambika. Iye wavala jekete ndi kolala, mkazi wake Ida wavala diresi lalitali, onse akuyang'ana kamera mosaopa. Kodi tinene kuti zithunzizo n'zonama chifukwa anthuwo anadzikonzekeretsa? Iyayi. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu pa njira, ndipo Azungu ambiri ojambula ankakonda kuonetsa makolo athu ali chimbulanda kapena atasenza katundu wa bwana. Chilembwe povala jekete pamaso pa kamera anali kunena mawu, akuti ndife anthu olingana ndi wina aliyense. Chisuse anamva mawuwo nawasunga. Chilembwe anaphedwa mu February 1915 nkhondo yake italephera, ndipo boma la atsamunda linagumula tchalitchi chake chachikulu cha njerwa, koma zithunzi zinatsala, ndipo mpaka lero timamuona monga mmene iye anafunira kuonedwa.

Chimene amayi aja anapempha ndi chomwecho. Ambiri a inu zithunzi zanu n'zochepa: china cha pa chiphaso cha unzika chimene munajambulitsa mu 2017 mutauzidwa kuti musaseke, china cha ukwati ngati chinasungika. Enanso munaonapo alendo akubwera pa galimoto, najambula ana athu amamina ndi nyumba zofooka, napita osatsanzika, ndipo sitidziwa kumene nkhopezo zinakathera. Munthu wotere akamaumirira kuti ajambulidwe atasamba, sindingamutche wosazindikira. Chithunzi cha kamera chili ndi eni ake awiri, wojambula ndi wojambulidwa, ndipo ichi ndi cholakwa chachikulu cha chithunzi choyamba chija, choposa chigubu ndi tsinde la nthochi. Kumwetulira kwamanyazi kumene ndinakudandaula kuja kunali kukana, koma ine ndi mwanayo sitinadziwe kukuwerenga.

Chodabwitsa n'chakuti chodindacho amayiwo sanachidandaule, ngakhale chikuonetsa ntchito yomweyo, ndipo manja ake ndi okhakhala kuposa a m'chithunzi. Anati m'menemo mulibe nkhope yawo, ndi manja a mayi aliyense wa ku Misuku. Ndipo zoonadi anyamata awiri a Sitandade 7 anatsala pang'ono kumenyana, aliyense akuti manjawo ndi a amayi ake. Pano ndiyenera kuchenjera kuti ndisakokomeze, ngati kuti kamera ndi chida chachabechabe. Pali zimene kampeni sangathe. Amayiwo akadzatisiya, adzukulu awo sadzafuna manja a mayi aliyense, adzafuna nkhope ya agogo awo enieni, mpata wa m'mano ndi chipsera cha pa chipumi. Izi zimasungidwa ndi kamera yokha. Chifukwa chake sindinauze mwanayo kuti asiye kujambula, koma kuti agwire foni monga mmene amagwirira kampeni, ngati kuti ali ndi mphira umodzi wokha.

Makolo ena anafunsa ngati zithunzi zimadzaza nkhokwe. Sindinawalonjeze kanthu, koma ndinawakumbutsa kuti chizindikiro cha pa thumba la khofi, maluwa a pa chitenje, ndi zithunzi za m'buku limene mukuphunzirira kuwerenga, zonsezo pali munthu amene anazijambula nalipidwa.

Chithunzi cha kamera tinachitsitsa pa khoma tsiku lomwelo, ndipo mphunzitsi anachifufuta m'foni pamodzi ndi zinzake zonse amayiwo akuona. Chodinda anapempha kuti apite nacho kunyumba, ndipo popeza chidindo chilipo, mwanayo anadinda zina 6, kuchepetsako inki m'munsi monga ndinamuuzira. Mizere ya mvula ija sangaichotse pokhapokha ataisema yonse kuti kumwamba kuyere, ndipo iye akukana, akuti ndi mphepo ya mwezi wa June. Amayiwo avomera kujambulidwanso Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, atavala chitenje chawo chatsopano. Anena kuti adzaima pafupi ndi mtengo wa khofi umene anabzala chaka chimene mwanayo anabadwa, ndipo dengu adzanyamula okha.