Za Nsomba Yaikuru Yomeza Inzace

M'caka ca 2022 Microsoft inafuna kugula Activision Blizzard, opanga masewera a pa kompyuta, ndi madola pafupifupi mabiliyoni 69. Oyang'anira malonda a ku Britain anakaniza mu April 2023, poopa kuti mwini mmodzi angagwire yekha msika wa masewera oseweredwa pa intaneti. Ndipo anabvomera mu October, ufulu wa kugulitsa masewera a Activision mwa njira imeneyo utaperekedwa kwa Ubisoft. Pa ici tiwayamika.

Koma tiri nako kanthu kowatsutsa: anasamalira wogula, osasamalira wanchito. Mu January 2024 Microsoft inacotsa anchito 1,900 a m'gawo la masewera. Woweruza wakumva wogula yekha waweruza theka la mlandu.