Kodi Khungu Limamveka pa Lamya?

Ndakatulo zambiri zodzudzula tsankho zimalankhula mokalipa, nkhonya ili m'mwamba. "Telephone Conversation" ya Wole Soyinka siitero ayi. Iyo imaseka, ndipo ine ndikuona kuti n'chifukwa chake imalumabe mpaka lero.

Soyinka, mwana wa ku Abeokuta m'dziko la Nigeria, adapita ku Mangalande m'chaka cha 1954 kukaphunzira pa yunivesite ya Leeds, kenaka n'kugwirako ntchito ku Royal Court Theatre mu mzinda wa London. Masiku amenewo mwini nyumba ankatha kukumana chipinda cha lendi chifukwa cha khungu lako, iye osapalamula mlandu uliwonse. Lamulo loletsa tsankho pa nkhani ya nyumba lidabwera mu 1968, ndakatuloyi itatuluka kale m'buku la Modern Poetry from Africa mu 1963.

Nkhani yake ndi yaifupi. Bambo wina akuimbira lamya mayi wachizungu yemwe ali ndi chipinda chochititsa lendi. Za mtengo zayenda bwino. Poopa kuyenda ulendo wachabe, bamboyo akuulula yekha kuti ndi wa ku Africa. Mayi aja zii! Potsegula pakamwa, sakufunsa dzina, ntchito kapena khalidwe. Akufuna adziwe ngati mlendoyo ndi woyererako kapena wakuda bii.

Apa ndi pomwe pali luso la mlakatuliyu. Bamboyo sakutukwana. Akuyankha funso lopusalo mwaulemu wopitirira muyeso, kudzigawa ziwaloziwalo ngati nyama ya pa msika: nkhope mtundu wake, zikhatho ndi mapazi kuyera, kumbuyoku kuda chifukwa chokhalira. Mayi yemwe amadziona wapamwamba akusokonezeka ndi Chingerezi cha munthu yemwe amamuyesa mbuli. Mkwiyo ulipo ndithu, koma Soyinka wausiya m'zinthu zofiira zomwe bamboyo akuona: kanyumba ka lamya, bokosi la makalata ndi basi.

Koma awerengi ambiri amalumpha mfundo ina. Bamboyo naye sanawaone mayiwa. Wangomva mawu basi, koma m'mutu mwake wawajambula kale: milomo yopaka utoto, ndudu ya anthu a ndalama ili kukamwa. Si kuweruza msanga kumeneko? N'zoona, milandu iwiriyi si yofanana, pakuti mmodzi ali ndi makiyi pamene mnzake alibe pogona. Komabe onse awiri akulankhula ndi chithunzi, osati ndi munthu. Choncho pamene bamboyo akumaliza ndi pempho loti mayiwo adzadzionere okha, mwa nthabwala yamwanoyo muli mtima wa ndakatulo yonse: tionane kaye.

Chofooka chilipo. Mawu ena ndi olemera moti wowerenga wopanda dikishonale nthabwala imamudutsa, ndipo mayiwo sapatsidwa mpata woti tiwadziwe kupitirira funso lawolo. Umunthu wawo tikuchita kuufunafuna tokha.

Soyinka adalandira mphoto ya Nobel mu 1986, ndipo tinyumba tofiira ta lamya tija tambiri tidachotsedwa. Funso la mayi uja ndilo silidachoke. Musanawaseke kwambiri, abale anzanga, takumbukirani mmene mawu amasinthira pa foni wofuna nyumba akangotchula dzina la bambo ake, kapena akayankha lija funso lathu lokondedwa loti, "Kumudzi n'kuti?"